Malo a purslane ndi m'mbale, osati m'botolo la mankhwala

M'magalamu 100 a masamba aawisi a purslane muli mamiligalamu pakati pa 300 ndi 400 a mafuta a omega-3. Ogulitsa ufa ndi makapisozi a chomerachi nambala imeneyi amaidziwa pamtima. M'magalamu 100 omwewo mulinso oxalate (asidi wa m'zomera amene akachuluka amavulaza impso), kuyambira mamiligalamu mazana angapo mpaka kupitirira galamu yathunthu, koma nambala yachiwiriyi ndi ochepa amene amaitchula. Ife tikuti yachiwiriyo ndiyo iyenera kulamula kadyedwe ka chomerachi. Purslane ndi ndiwo zabwino kwambiri. Koma akangofinyidwa kukhala juwisi, kapena kuumitsidwa n'kusinjidwa kuti asanduke mankhwala, chimene chimachuluka mosakayikitsa ndi chija chovulaza impso, pamene phindu limene munthu akulisakalo umboni wake ukadali wanthete.

Tiyambe tagwirizana za chomera chimene tikunena, chifukwa ngozi ina imayambira pothyola. Dzina lake la sayansi ndi Portulaca oleracea, limene Carl Linnaeus anapereka mu 1753, ndipo ena amati matakoatsanu. Chimayanga pansi. Nthambi zake n'zonenepa, zosalala, zofiirira. Masamba ndi aang'ono, okhuthala, odzaza madzi, otambalala kunsonga. Maluwa achikasu amatseguka dzuwa likawala m'mawa, ndipo kathumba ka njere kamavundukuka pamwamba ngati mphika, n'kuonetsa tinjere takuda tonga mchenga. Malo omwewo pamameranso mitundu ya Euphorbia yoyanga pansi, ya nthambi zowonda ndi masamba opyapyala. Thyolani nthambi imodzi muone. Ikatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ameneyo si purslane, ndipo utomoniwo umawotcha khungu ndi m'maso. Madzi a purslane alibe mtundu, amangoterera pang'ono m'zala.

Mbiri yake ngati mankhwala ndi yaitali, palibe angaikane. Dioscorides, dokotala wachigiriki wakale, analemba za chomerachi zaka pafupifupi 2000 zapitazo. Ku China chimatchedwa ma chi xian, ndipo chili m'buku la boma la mankhwala, momwe mlingo wake ndi magalamu 9 mpaka 15 a masamba ouma, pothandiza kamwazi, zithupsa ndi matenda a pakhungu. Ku Iran amakonda njere zake. Kuti mibadwo yambiri yakhala ikumwa chinthu kumatiuza kuti chinthucho n'choyenera kuchifufuza. Sikutiuza kuti kafukufukuyo anatha.

Kutchuka kwa masiku ano kunayamba mu 1986, pamene Artemis Simopoulos ndi Norman Salem analemba mu New England Journal of Medicine kuti purslane ndi chomera cha pamtunda chokhala ndi omega-3 wambiri. Mu 1992 gulu la Simopoulos linatulutsa nambala zimene zikubwerezedwabe mpaka lero: mamiligalamu 300 mpaka 400 a alpha-linolenic acid, mwachidule ALA, pafupifupi mamiligalamu 12 a vitamini E ndi 27 a vitamini C pa magalamu 100. Pakati pa ndiwo zamasamba, purslane alidi patsogolo. Vuto ndi lakuti masamba onse mafuta ake ndi ochepa, choncho kukhala woyamba pa mpikisano umenewu si nkhani yaikulu. Muyezo wa ku United States umati bambo amafunika magalamu 1.6 a ALA patsiku ndipo mayi magalamu 1.1. Bambo wofuna kupeza mlingo wonsewo mwa purslane yekha ayenera kudya pafupifupi theka la kilogalamu tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi magalamu angapo a oxalate. Supuni imodzi yaikulu ya njere zopera za flax imapereka pafupifupi mlingo womwewo, ndipo supuni ya mafuta a canola imapereka wopitirira galamu imodzi. Komanso ALA si omega-3 wa m'nsomba uja, EPA ndi DHA. Thupi limasintha ALA kukhala EPA pang'ono chabe, kawirikawiri osafika magawo 10 pa 100, ndipo DHA amakhala wochepera pamenepo kwambiri.

Nkhani imene aliyense wowerenga za mankhwala a zitsamba ayenera kuidziwa ndi ya minofu. Mu 1987 ofufuza a ku Nigeria, Parry ndi Okwuasaba pamodzi ndi anzawo, anapeza kuti madzi a purslane amafooketsa minofu ya nyama imene yachotsedwa m'thupi n'kuikidwa m'kabotolo ka mu labotale. Zinaoneka ngati papezeka mankhwala atsopano omasula minofu yokungika. Mu 1993 gulu la Habtemariam, Harvey ndi Waterman linagawa madziwo m'zigawo kuti lipeze chimene chikugwira ntchito. Linaona kuti chigawo chikakhala ndi potaziyamu wambiri, mphamvu yake imakulanso. Mchere wamba wa potassium chloride, pa mlingo wofanana, unachita zomwezo. Atachotsa mchere m'chigawo champhamvu kwambiri chija, mphamvu yonse inatha, ngakhale atachulukitsa mlingo kakhumi. Mankhwala obisikawo anali potaziyamu basi. M'thupi la munthu wamoyo impso zimasunga potaziyamu wa m'magazi pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol/L, ndipo atakwera mpaka kufooketsa minofu ya miyendo, mtima ndi umene umakhala pangozi.

N'chimodzimodzi ndi noradrenaline, mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi, amene ofufuza a ku Jamaica analengeza m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1961 kuti ndi wochuluka m'chomerachi. Alimodi, pamodzi ndi dopamine. Koma noradrenaline womeza amaphwanyidwa m'matumbo ndi m'chiwindi asanafike patali, n'chifukwa chake kuchipatala amamupereka kudzera m'diripi ya mumtsempha. Mndandanda wa zopezeka mwa purslane ndi wautali: ma flavonoid monga quercetin ndi kaempferol, ma alkaloid otchedwa oleracein, ma betalain amene amafiiritsa nthambi, melatonin pang'ono. Zambiri mwa izi zimachepetsa kutupa kapena kupha maselo a khansa m'mbale za mu labotale. Mchere wothira m'ndiwo nawonso ukachuluka umapha maselo m'mbale yoteroyo. Funso lofunika ndi lakuti munthu akameza, n'zochuluka bwanji zimene zimafika m'magazi, ndipo zimakhalamo nthawi yaitali bwanji. Amene amadumpha funso limeneli n'kuthamangira kulengeza kuti purslane amachiza khansa ndi kandimverere uja anakanena za m'maluwa.

Kafukufuku wa pa anthu alipo, ndipo tiyenera kumupatsa ulemu wake. Wa 2016 wa ku Israel, wotsogoleredwa ndi Julio Wainstein, ndi umodzi mwa okonzedwa bwino. Odwala shuga 63, amene anali kale pa mankhwala a kuchipatala, anapatsidwa mamiligalamu 180 patsiku a mankhwala opangidwa kuchokera kwa purslane, kapena makapisozi opanda kanthu, kwa masabata 12. Nambala ya pamwamba ya kuthamanga kwa magazi inatsika ndi pafupifupi 7 mmHg mwa amene analandira purslane. Koma HbA1c, muyezo wa shuga wa miyezi itatu, sinasiyane mokhutiritsa pakati pa magulu awiriwo atatengedwa onse. Kusiyana kunaoneka pokhapokha atapatula odwala amene thupi lawo linamvera mankhwalawo. Kupatula kotere kumakometsa zotsatira za pafupifupi mankhwala alionse. Ku Iran mu 2015, odwala shuga 48 anadya magalamu 10 a njere mu yogati kwa masabata 5. Kulemera kwa thupi, mafuta a triglyceride ndi kuthamanga kwa magazi zinatsikako, koma shuga woyeza m'mawa munthu asanadye sanasinthe kwenikweni. Wina wa 2011 anafanizira magalamu 5 a njere kawiri patsiku ndi mankhwala a shuga a metformin, pa anthu 30 okha, kwa masabata 8.

Ena ndi aang'ononso. Wa mphumu wa 2004 ku Mashhad unali ndi odwala 13, ndipo unaonetsa kuti madzi owiritsa a purslane amatsegulako njira za mpweya kwa kanthawi. Wa amayi otaya magazi ambiri posamba, wa 2009, unali ndi amayi 10, asanu ndi atatu anati zinachepa, koma panalibe gulu lina lofanizira nalo. Wa 2010 ku Tehran, pa zilonda za m'kamwa zotchedwa lichen planus, unali ndi anthu 37 ndipo zotsatira zake zinali zolimbikitsa.

Wina atifunsa kuti: ngati zotsatira zambiri zikuloza mbali yabwino, ndipo chomeracho chimamera chokha, cholakwika n'chiyani munthu akayesa? Funso ndi lomveka, ndipo za kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi ife tikuvomereza kuti pali kena kake koyenera kafukufuku wamkulu. Koma taonani chimene chinayesedwa. Kwina zinali njere, kwina mankhwala opimidwa bwino a mamiligalamu 180, kwa masabata ochepa, dokotala akuyang'anira. Munthu amene akufinya masamba odzaza beseni m'mawa uliwonse sakubwereza kafukufuku ameneyu, akuchita wakewake, pa impso zake, wopanda womuyeza magazi. Ndipo kutsika kwa nambala kwa masabata 12 sikunasonyezebe kuti purslane amateteza ku sitiroko, kuchita khungu kapena kudulidwa mwendo, zimene ndi cholinga chenicheni chochizira shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Tsono oxalate. Tebulo la unduna wa zaulimi wa ku United States limaika purslane pa magalamu 1.31 pa magalamu 100, pamene sipinachi ali pa 0.97. Nambala zimasinthasintha malinga ndi nthaka, feteleza ndi msinkhu wa chomera, koma purslane sachoka m'gulu la pamwamba. Chakudya wamba cha tsiku lonse chimakhala ndi oxalate wa mamiligalamu 100 mpaka 200, ndipo amene anadwalapo miyala ya mu impso amalangizidwa kusapitirira pafupifupi 100. Oxalate ali pawiri. Wina ndi womangika kale ndi kashiamu, sasungunuka, amangodutsa m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi. Wina ndi wosungunuka, amalowa m'magazi, ndipo poti thupi silitha kumuphwanya, njira yake yotulukira ndi impso. Kumeneko amakumana ndi kashiamu wa mumkodzo n'kupanga timiyala tosongoka. Tikamaunjikana pang'onopang'ono timasanduka mwala wa mu impso. Miyala yambiri ya mu impso ndi ya mtundu umenewu. Tikabwera tambiri nthawi imodzi timatseka timachubu ta impso, ndipo impso zimasiya kugwira ntchito m'masiku ochepa. Madokotala, kuphatikizapo a ku China, alembapo za odwala amene izi zinawachitikira atadya purslane wambiri. Ku Australia alimi amadziwa kuti nkhosa ndi ng'ombe zanjala zikalowa pamalo pomwe purslane wachuluka zimatha kufa ndi oxalate ndi nitrate. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Oxalate yemweyo amachotseranso mtengo nambala zina zokopa. Magalamu 100 ali ndi kashiamu wa mamiligalamu 65 ndi ayironi wa mamiligalamu pafupifupi 2, koma gawo la kashiamuyo ndi lomangika kale, thupi silimupeza.

Wophika ali ndi zida ziwiri. Choyamba ndi madzi. Tsukani masamba, muwadule, muwaponye m'madzi ambiri amene awira kale, pafupifupi lita imodzi pa magalamu 200, awire mphindi zisanu, kenako mutsanule madziwo n'kuwataya. Kafukufuku wa Chai ndi Liebman wa 2005 pa ndiwo zosiyanasiyana anapeza kuti kuwiritsa kumachotsa magawo 30 mpaka 87 pa 100 a oxalate wosungunuka, pamene kuphika ndi nthunzi kumachotsa 5 mpaka 53. Kumachepetsa, sikumaliza, ndipo vitamini C wina amapita ndi madziwo. Malonda ake ndi otero. Anthu amalakwitsa m'njira zitatu. Amathira madzi ochepa n'kuwasiya aphwere, choncho oxalate amabwerera m'masamba. Amakazinga osawiritsa, pomwe moto pawokha suphwanya oxalate. Kapena amasunga madziwo kuti akhale msuzi. Chida chachiwiri ndi kashiamu wodyera limodzi. Moreau ndi Savage a ku Lincoln University, ku New Zealand, anasonyeza mu 2009 kuti kusakaniza masamba aawisi ndi yogati kunatsitsa oxalate wosungunuka kuchoka pa theka lopitirira la oxalate yense kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kashiamuyo amamanga oxalate m'mbale ndi m'matumbo asanalowe m'magazi. Ayenera kukhala pa chakudya chomwecho. Mkaka wa m'mawa suthandiza purslane wa madzulo.

Kapu imodzi ya purslane wamuwisi imalemera magalamu 43. Kwa munthu wa impso zabwino, makapu awiri kangapo pa sabata, mosinthanitsa ndi masamba ena komanso akumwa madzi okwanira, ndi mlingo umene ife tikuuona wanzeru.

Yerekezani zimenezi ndi njira zopangira mankhwala. Purslane ndi madzi magawo 93 pa 100. Kilogalamu ya masamba aawisi ikauma imatsala magalamu osapitirira 100, koma oxalate sauluka ndi nthunzi. Magalamu 10 a ufa, amene munthu amameza osamva kanthu m'mimba, ndi ofanana ndi masamba opitirira magalamu 100. Tambula imodzi ya juwisi imafuna masamba osachepera magalamu 300, ndipo chimene chimapita m'tambulamo ndi oxalate wosungunuka uja, womwedwa kawirikawiri m'mimba mulibe kanthu, mopanda kashiamu womugwira. Ponena za kuwiritsa masamba n'kumwa madzi ake, madzi amene wophika wanzeru amataya ndi omwewo amene womwa mankhwala amamwa. N'chifukwa chake ngakhale mlingo wa ku China uja, wa magalamu 9 mpaka 15, suyenera kuwerengedwa ngati chilolezo chomwa chaka chonse.

Pali anthu amene ngakhale m'mbale ayenera kusamala. Amene anadwalapo miyala ya mu impso, kapena impso zawo zinafooka, amupewe. Odwala shuga kwa zaka zambiri ambiri a iwo impso zimakhala zitayamba kale kuwonongeka iwo osadziwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi omwewo amene amatsatsidwa kwambiri ufa wa purslane. Amene anadulidwa gawo la matumbo, kapena ali ndi matenda a Crohn kapena a kapamba okhalitsa, amayamwa oxalate wochuluka, chifukwa mafuta osagayika amalanda kashiamu amene akanamanga oxalateyo. Mapiritsi a vitamini C a galamu imodzi kapena kuposa amawonjezera vuto, poti thupi limasandutsa gawo lake kukhala oxalate. Palinso potaziyamu uja, mamiligalamu 494 pa magalamu 100. Kwa munthu wathanzi ndi wabwino, koma kwa amene akumwa enalapril, lisinopril, losartan kapena spironolactone, mankhwala amene amasunga potaziyamu m'thupi, juwisi wa tsiku ndi tsiku angathe kumukweza mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima. Amene ali pa insulini kapena glibenclamide akawonjezera njere kapena makapisozi aziyeza shuga pafupipafupi, ndipo asachepetse mankhwala paokha. Amayi oyembekezera asamwe purslane ngati mankhwala: pa nyama wapezeka kuti amakungitsa chiberekero, ndipo asing'anga a ku China omwe amachenjeza zomwezo.

Pa kamwazi tisanyengererane. N'zoona kuti madzi a purslane amalepheretsa mabakiteriya ena kukula mu labotale. Koma kutsegula m'mimba kwa magazi kumafuna ORS, maantibayotiki olembedwa ndi dokotala monga ciprofloxacin, ndipo kwa ana zinc wa mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena 10 kwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wotsegula m'mimba madzi amuthera m'thupi, mkodzo wachepa ndipo wakhathamira ndi mchere. Imeneyo ndi nthawi yoipitsitsa yotumizira oxalate ku impso.

Pakhungu nkhani ndi yopepukirapo, chifukwa oxalate wa pamenepo safika ku impso. Kuterera kwa masamba kumaziziritsa poyabwa kapena polumidwa ndi kachilombo, ndipo kafukufuku wa 2003 ku Jordan anaonetsa zilonda za mbewa za mu labotale zikupola msanga zitapakidwa masamba osinja. Pakhungu losang'ambika, masamba otsuka bwino, osinja, oikidwa kwa mphindi zingapo, savuta. Pabala lotseguka kapena pamene munthu wapsa ndi moto ayi. Chomera choyanga pansi chimanyamula dothi, ndipo m'dothi ndi momwe mumakhala kachilombo ka kafumbata. Wolumidwa ndi njoka athamangire kuchipatala, asataye nthawi ndi kusinja masamba.

Pothyola pakhale posankha. Purslane amayamwa zitsulo zapoizoni monga cadmium ndi lead, mpaka asayansi amamuyesa ngati chomera choyeretsera nthaka yoipitsidwa, choncho wa m'mbali mwa msewu, wa kudzala ndi wa m'ngalande za madzi oipa si wodya. Wa m'munda mwathiridwa feteleza wambiri wa nayitirojeni amakhala ndi nitrate wochuluka, ndipo poti alimi ambiri amamutenga ngati udzu, funsani ngati sanapoperedwe mankhwala. Lilime lisakunamizeni. Kukakhala chilala, purslane amatseka timabowo ta masamba masana n'kumakoka mpweya usiku, kuusunga ngati malic acid, ndiye wothyola m'mawa amawawasa kuposa wa madzulo. Kuwawasako ndi kwa malic acid, sikukuuzani kuchuluka kwa oxalate.

Amene wakhala akumwa juwisi kapena ufa wa purslane n'kuyamba kumva nseru, kusanza, kupweteka m'mbali mwa msana pansi pa nthiti, kutupa mapazi, kukodza pang'ono kapena mkodzo wa magazi, asiye tsiku lomwelo n'kupita kukayezetsa creatinine (muyezo wa kagwiridwe ntchito ka impso), potaziyamu ndi mkodzo. Akafika anene dzina la chomeracho, kuchuluka kwake ndi masiku amene wamwa, ndipo ngati ndi ufa wogula atenge paketi yake. Dokotala amene sanauzidwe za purslane saganizira za oxalate msanga, pomwe impso zotsekeka ndi timiyala timeneti zimachira bwino zikapezeka m'masiku oyambirira, ndipo zikachedwa ena amathera pa makina osefa magazi.